Kabokosi Katasiya Kundiuza Komwe Tiya Akupita

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko mukuyesa sindikukuonani, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Ayi, yankhani ngati anthu amene adya. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Amene mumandidziwa mwadabwa kale, chifukwa ine za m'nyumba mwanga sindiyanika panja. Ngakhale pa mapemphero a amayi ndimangoti ndili ndi chopempha chamumtima, basi. Koma ichi ndikachisunga ndekha ndikhala ndamubera Mulungu ulemu wake.

Ndimakhala ku Chawama konkuno ndi mdzukulu wanga Tiyamike, timangoti Tiya, mwana wa mwana wanga wamkazi amene anatisiya. Mayi ake pomwalira, Tiya anali asanayambe ndi sukulu yomwe. Ndamulera ndi maso awiri awa, ndipo maso awa aona zambiri mu komboni muno. Ndaona motoka za magalasi akuda zikuima pa kona ya kantemba kogulitsa zinthu, mtsikana wa yunifomu n'kulowamo. Ndaona ana amene ndinawanyamula pa ubatizo akubwerera kwa amayi awo ndi mimba, mwiniwake osadziwika. Ndiye ine munthu sindimukhulupirira. Sindinama pa guwa pano. Wondipatsa moni wautali ndimayamba ndaganiza chimene akufuna.

Tiya atafika giredi 12, aphunzitsi anati mwana aliyense akhale ndi foni, chifukwa manotsi ndi mapepala a mayeso akale amatumiza momwemo. Ine ndinakana. Ndinati foni m'manja mwa mtsikana ndi chitseko chimene ine ndilibe kiyi wake. Anandikhazika pansi ndi malume ake, mwana wanga Yohane, amene amagwira ntchito ku migodi ku Solwezi. Anati, "Amai, foni nizamugulila. Koma nizaika wayifayi mu nyumba, na kabokosi kamene kazakuonetsani kwamene ayenda."

Anabweretsadi zinthu ziwiri. China chachikulupo, cha tinyanga tiwiri, amati rauta, ndicho chimakoka intaneti kulowetsa m'nyumba. China ndi kabokosi kakang'ono ngati sopo wosambira, kolumikiza ku rautayo ndi chingwe. Kameneko ndiko kanali mlonda. Pa foni yanga anandiikira podina, ndikadina ndimaona mafoni a m'nyumba, iliyonse ndi mzere wake. Kumanzere dzina la foni, pakati kuchuluka kwa intaneti imene yadya, kumanja dzina la malo amene foniyo yapita. Mauthenga enieniwo sikawerenga ayi, kamangonena malo: apa ndi pa sukulu, apa pa mavidiyo, apa pocheza. Tiya sitinamubisire, anauzidwa ine ndili pomwepo. Anangoti, "Ni bwino ambuya, muziona chabe."

Ndipo ndinkaonadi. M'mawa ndikati ameni, magalasi pamphuno, ndidine. Madzulo chimodzimodzi. Ndinali pa mtendere, abale, mtendere umene ndinali ndisanauone chiyambire mwanayu kumera mawere.

Kenako inabwera mvula yoyamba ija, ya mphepo, imene inasasula malata kumunsi kwathuko. Malaiti anapita, pobwera anabwera ndi ukali, rauta n'kupsa. Nyumba yonse fungo la pulasitiki. Yohane anaimba ku kampani, iwo anati atumiza munthu ndi rauta yatsopano.

Tsono ine mlendo akamabwera m'nyumba mwanga ndimayamba ndakonza. Kukonza kwanga si kusesa ayi. Wailesi mu wodilopu. Simbi mu wodilopu. Chilichonse cholowa m'thumba la thalauza, mu wodilopu. Anthu ena amaba ndi maso lero, mawa n'kutuma anzawo. Ndiye kabokosi kaja ndinakazula, ndinakakulunga mu chitenge, n'kukaika pansi pa zovala. Anabwera bambo wina wa ovololo, anaika rauta yake ine nditaima kumsana kwake. Pomaliza anafunsa, "Kulibe vina vamene venze volumikiza apa, mami?" Ndinati kulibe. Atangotuluka pa geti ndinakhoma chitseko, ndinatulutsa kabokosi, chingwe pa bowo lake. Kagetsi kobiriwira kanayaka. Ndinati zatheka, ndamuchenjerera.

Sabata imeneyo tinali ndi maliro ku Kanyama, ndinkagona komweko, sindinayang'ane. Nditabwerako ndinavala magalasi, ndinadina, maso molunjika pa mzere wa Tiya. Pakati, intaneti yadyedwa yambirimbiri. Kumanja, pamene pamakhala mazina a malo, timizere. Timizere tokhatokha, abale, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Palibe dzina ndi limodzi lomwe.

Ndinati ndidikire, mwina mawa. Mawa lake timizere. Mkuja wake timizere. Foni ikudya, ikudya, koma komwe ikupita kabokosi kali duu.

Pamenepo ndinayamba kumuyang'ana mwanayo ndi diso lina. Akamwetulira ali pa foni, ine ndati ndi mwamuna ameneyo. Akachedwa ku tushoni n'kunena kuti aphunzitsi anawonjezera phunziro, ine ndati motoka ija. Tsiku lina anabwera ataluka tsitsi mwachilendo, akuti wamuluka mnzake, ine ndati mnzake wa ndevu. Chilichonse chimene ankachita chinkandipatsa umboni. Ngakhale kusamba.

Ndinamuitana. "Wachita chiyani ku foni yako?"

"Palibe, ambuya."

"Ukubisa chiyani? Ukubisa ndani?"

"Sininagwileko chilichonse. Olo nilumbile."

Ndinamulanda foniyo, ndinafufuza monga ndikanathera, sindinapeze kanthu. Koma mukudziwa, mtima ukatsimikiza, kusapeza kanthu kumakhalanso umboni. Ndinati wafufuta.

Ndinamuimbira Yohane. Ndinamupeza akuthamangira shifiti, mawu otopa. Anati ndizimitse zonse ndiyatsenso. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Timizere. Ndiye anati, "Kaya amai, mwina ni vija vamene bana baika mu foni kuti basaoneke kwamene bayenda. Nizaona nikabwela pa Khisimasi." Iye anangonena podutsa, akuganiza za basi ya kuntchito. Koma mwa ine mawu amenewo analowa ngati msomali. Khisimasi! Pofika Khisimasi mimba imakhala itayamba kuoneka.

Abale, ndinaika mwana wanga wamkazi m'manda. Sindinafune kuima pa manda enanso, kapena kukhala pa benchi ya kiliniki ndi mwana wa sukulu. Ndinaimbira mng'ono wanga ku Katete, kumudzi kumene netiweki amaipeza atakwera pa chulu. Ndinati konza mphasa, ndikutumizira mwana. Mayeso anali atayandikira, ndinkadziwa. Ndinkadziwa kuti akakwera basi imeneyo, zaka zonse za sukulu zathera panjira. Koma ndinati bola wopanda setifiketi ali wamoyo.

Ndinatenga chikwama chachikulu chija cha ukwa ndinalongedza ndekha. Zovala, bulangete, nsapato, ndi yunifomu yomwe, kuti asaione ikulendewera n'kumayembekeza. Ndinamuuza kuti Loweruka akwera.

Mwanayo anagwada pa simenti. "Ambuya, lekani chabe nilembe mayeso. Nikasiliza munipeleke kulikonse kwamene mufuna." Ndinayang'ana kumbali. Anagwada mpaka anatopa, anadzuka, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kulankhula. Ndikamutuma achita. Ndikamufunsa ayankha ndi mutu. M'nyumba ya zipinda ziwiri anthu awiri kumapewana, mukuganiza ndi chapafupi?

Lachinayi ndinabwera kuno ku mapemphero a amayi, ndinanena zanga zija za chopempha chamumtima. Titatuluka amayi busa anandigwira pa mkono. Anati, "Ambuya a Tiya, nkhope iyi yapitirira chopempha chamumtima. Tiyeni." Anandilowetsa mu ofesi umo. Ndinayamba ndasuzumira pa windo ngati panja pali munthu, kenako ndinawauza zonse. Anamvetsera, anapemphera nane, ndipo atati ameni anati, "Mwana asanakwere basi, ba Mwila ayambe aona kabokosiko."

Ba Mwila mukuwadziwa, awo a kwaya avala duku lofiira, amene amachokera ku Kabanana sabata ndi sabata. Ntchito yawo ndi yoyang'anira makompyuta ndi mawaya a intaneti pa kampani ina mu tauni. Ine ndinati, "Amayi busa, M'bemba m'nyumba mwanga? Ndipeza chatsala n'chiyani?" Anaseka, koma sanandisiye mpaka ndinavomera.

Lachisanu masana ndinamva pa geti, "Odi kuno kwa bakudya mbeba!" Ndinati, "Lowani, koma anyani kuno kulibe, kaya mudya chiyani." Chimbuya chathu ndi Abemba mukuchidziwa, ubale wa nthabwala uja: iwo amati timadya mbeba, ife timati amadya anyani, sitikhala osatukwanana. Koma ine mumtima sindinkaseka. Anakhala pa tebulo ndi laputopu yawo, ine ndinakoka mpando mpaka maondo athu kugundana. Tiya anaima pa khomo la kuchipinda, manja kumbuyo.

"Nionetseni vamene muona, ambuya."

Ndinadina, ndinawalozera mzere wa Tiya. "Si izi? Timizere."

Anayang'ana, kenako anakankha ndi chala, mizere inakwera m'mwamba. "Nanga iyi foni yolembewa ati Amai, ni ya bandani?"

"Yanga."

"Onani ku manja kwake."

Ndinakonza magalasi. Abale. Timizere. Pa mzere wanga, wa ine mwini, timizere kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Ba Mwila anandiyang'ana nkhope ili gwa. "Manje imwe ambuya, ni mudala uti wamene mubisa? Tiuzeni kudala, tigule vitenge va ukwati."

Sekani, sekani, ndakulolani. Masiku onsewo mzere wanga ndinali ndisanauyang'anepo. Ndikanauyang'aniranji? Komwe ndimapita ndimakudziwa ndekha, ndi pa wailesi ya maulaliki basi. Koma musaganize kuti ndinagonja pomwepo. Ndinati, "Ndiye kuti waikanso zinthu zakezo mu foni yanga."

"Foni yanu ikhala kuti?"

Ndinagwira pachifuwa apa. "Muno."

"Na pogona?"

"Muno."

"Na posamba?"

"Ndimalowa nayo, ndimaika mu pulasitiki."

"Manje anaitenga bwanji?"

Ba Mwila anatsegula laputopu, analowa mu kabokosi kaja, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku, ine maso pa zala zawo. "Apa timizele. Apa timizele. Apa timizele. Ehe, apa mazina yalipo. Ndiye vinasila apa. Pa siku iyi, mu nyumba muno munachitika chani?"

Ndinawerengera m'mutu, ndinapeza kuti ndi tsiku limene anabwera bambo wa ovololo uja. Ndinawauza za mvula, za rauta yopsa, za yatsopano.

"Uyo bambo, kabokosi aka anakaona?"

Ndinayang'ana ku wodilopu.

"Ambuya?"

Ndinati kanali mu wodilopu. Ndinafotokoza za chitenge, ndi funso limene anandifunsa, ndi yankho limene ndinamupatsa. Ba Mwila anaika mutu pa tebulo. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi duku, ine osaseka, chifukwa mpaka lero sindiona cholakwika kubisa katundu wako pamaso pa munthu amene sukumudziwa.

Atatha kuseka anandifotokozera, ndipo ndinena mmene ndinamvera ine. Akuti foni ikafuna kupita kwinakwake imayamba yafunsa njira, kutchula dzina la malowo, monga timachitira pa siteshoni: ya ku Chainda ili kuti? Rauta yakale ija Yohane anaiuza kuti mafunso onsewo azidzera kwa kabokosi, ndiye kabokosi kankamva dzina n'kulemba. Yatsopanoyi palibe anaiuza kuti m'nyumba muno muli kabokosi, chifukwa woiikayo sanakaone. Ndiye imangoyankha yokha mafunsowo. Kabokosi kamangoona katundu akudutsa, kuchuluka kwake kakuona, koma komwe akupita sikakumva.

Anati akonza, koma afunika mawu achinsinsi olowera mu rauta, amene amalembedwa pa kapepala kunsi kwake. Anaitembenuza, kapepala palibe. Anandiyang'ana. Ndinati ndinamatula, kali m'chikwama. Anati ndiwerenge. Ndinati khoma ili ndi limodzi ndi a nyumba inayo, amamva ngakhale ndikatsokomola. Ndiye ba Mwila, munthu wamkulu ndi ntchito yake, anatembenuka kuyang'ana kukhoma, ine n'kumadina ndi chala chimodzi pa laputopu yawo, chilembo chimodzichimodzi. Mulungu awadalitse, anapirira.

Anasintha zimene anasintha, anazimitsa rauta, anayatsanso. Tinadikira magetsi ake akhazikike. Anati, "Tsegulani chilichonse pa foni yanu." Ndinatsegula wailesi yanga ya maulaliki. Ndinabwerera pa mzere wanga, ndipo kumanja kuja, pamene panali timizere, dzina linatulukira. Anauza Tiya atsegule chake. Anabwera mwakachetechete, anadina. Pa mzere wake panatuluka dzina la malo a mapepala a mayeso.

Ndinati Ambuye alemekezeke. Koma nthawi yomweyo ndinati, "Chabwino. Tsopano bwezani mazina a masiku apitawa, ndione komwe ankapita."

Ba Mwila anapukusa mutu. "Ayo yapita, ambuya. Kabokosi sikanamve, ndiye sikanalembe. Kulibe wamene angayabweze."

Ndiye ndidziwa bwanji? Kumwetulira kuja, kuchedwa kuja, tsitsi lija? Chikwama chili cholongedza, basi ndi ya mawa m'mawa, ndipo masiku amene ndinkafuna kuwaona atayika.

Ba Mwila akupinda chingwe cha laputopu anati, tsopano osaseka, "Nikuuzeni chimozi. Mwana wofuna kubisa savutika na vonse ivi. Azimya chabe wayifayi, agula bandulo pa kantemba, simuzamuona olo pang'ono. Uyu masiku yonse aya enze pa wayifayi yanu, pamene aziba ati muyang'ana."

Mawu amenewo anandigwira pawiri. Poyamba mantha: kani chitseko china chinalipo nthawi yonseyi, chotsegula, ine ndikulondera ichi? Kenako china chinabwera pang'onopang'ono. Chitseko chinali chotsegula, mwanayo akuchidziwa, ndipo ankakhalabe pamene ine ndikumuona.

Ba Mwila atapita ndinalowa kuchipinda ndekha. Chikwama cha ukwa chili pakona, chotseka. Ndinagwada. Ndinati, Ambuye, umboni ndilibe. Masiku amenewo mukuwadziwa ndinu ndi mwanayu basi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna kuona ndi maso anga ndisanavomere, lero mwandilanda choonera. Ndikamutumiza, mwina ndapha tsogolo la mwana wosalakwa. Ndikamusiya, ndamusiya pa mawu ake okha. Ndithandizeni, ine izi sindinazizolowere.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindikunamizani. Ndinangopeza chinthu chimene chinandimanga pachifuwa chamasuka.

Ndinamuitana Tiya. Ndinati, "Ndiyang'ane. Masiku amenewa, pali chimene ndiyenera kudziwa?"

Anandiyang'ana m'maso osaphethira. "Ninakuuzani kudala, ambuya."

Anangonena zomwezo. Ndinakoka chikwama, ndinatsegula zipi, ndinatulutsa yunifomu yoyamba. Inali itakwinyika. Ndinamupatsa m'manja, ndipo ndinanena mawu amene pakamwa panga satuluka kawirikawiri. Ndinati pepa.

Musaganize kuti anandikumbatira. Analandira yunifomuyo, anatulutsa mabuku ake m'chikwamamo, anakakhala pa tebulo. Anakhalabe wozizira masiku angapo, ndipo ine sindinamukakamize. Mpaka tsiku lina madzulo anandiponyera pepala pa miyendo, akuti, "Nifunseni, niyankhe." Za sayansi, abale, mawu aatali ngati njanji. Ndinayesa kutchula loyamba, lilime linapindika. Mwanayo anaseka mpaka kugwa pa mpando. Ine ndinapitiriza kulakwitsa dala, kuti ndimve kuseka kumeneko.

Kabokosi ndimakayang'anabe, sindinama. M'mawa ndimadina. Koma tsopano ndimayamba ndi mzere wanga, ndipo ndimadina ndikudziwa kuti amene wasunga mwanayu si kabokosi ayi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira basi ija isanandinyamulire mwana. Ndikuthokoza amayi busa amene sanakhutire ndi chopempha chamumtima. Ndikuthokoza ba Mwila, ngakhale ndi M'bemba. Mbeba zanu ndakusungirani, mudzaphunzira kudya.

Ndisanabwere kutsogolo kuno ndinamupempha Tiya chilolezo, chifukwa nkhaniyi ndi yake. Anati, "Kambani, ambuya. Koma mukambe kuti ine sininalakwe." Pepala losonyeza ndilibe, masiku aja anapita. Koma ndikunena pamaso pa abusa, pamaso pa mpingo, ndi pamaso pa Mulungu: mwanayu sanalakwe.

Mayeso anayamba, ndipo mawa m'mawa akukalemba masamu, pa desiki yake, pa sukulu yake. Ndiye musandisiye ndikondwere ndekha. Amayi, nthungululu zili kuti? Achinyamata kumbuyoko, manja amenewo! Imirirani nonse, kondwerani nane, timuyamike Yehova. Aleluya! Ameni.